Mafunso Anu: Darius Rucker, wa gitala ya rock amene anakaodira ku Nashville

Mwa makalata amene afika mwezi uno, angapo akufunsa za munthu mmodzi yemweyo, Darius Rucker wa ku America, amene anayamba kutchuka ali m'gulu la rock lotchedwa Hootie & the Blowfish ndipo lero amawerengedwa pakati pa oimba ndi opeka nyimbo za country. Ndasankhapo asanu ndi imodzi, ndipo ndawafupikitsa pang'ono kuti malo atikwanire.

FUNSO: Akonzi, tiweruzeni. Alamu anga akuti munthu wakuda amene amaimba nyimbo ya country ija ya "Wagon Wheel" ndi yemwe uja ankaimba rock m'zaka za m'ma 1990, ndipo akuti dzina lake ndi Hootie. Ine ndikuti amenewa ndi anthu awiri osiyana. Wolondola ndani? (Bambo wa ku Zomba)

YANKHO: Bambo, mlanduwu wakomera alamu anu, koma chindapusa musalipire chonse, chifukwa nawonso aphonya dzina. Munthuyo ndi mmodzi, ndipo dzina lake ndi Darius Rucker. Anabadwa pa 13 May 1966 mumzinda wa Charleston m'chigawo cha South Carolina, ndipo analeredwa ndi mayi ake, amene anali namwino, m'nyumba ya zipinda zitatu mmene munkakhalanso agogo ake, amayi ake ena awiri ndi ana a onsewa. Ali ku University of South Carolina mumzinda wa Columbia, wophunzira mnzake woimba gitala, Mark Bryan, anamumva akuimba m'bafa ya kumalo ogona ophunzira, ndipo kuyambira pamenepo awiriwa anayamba kuimbira limodzi. Gulu lenileni linakhazikitsidwa mu 1986 atawonjezerapo Dean Felber woimba besi, ndipo Jim Sonefeld anadzakhala pa ng'oma patapita zaka zochepa.

Dzina la gululi linachokera ku mayina achipongwe a anzawo awiri a pasukulupo, amene sanali n'komwe oimba m'gululo. Wina ankaoneka ngati kadzidzi chifukwa cha magalasi ake, ndiye Hootie ameneyo, ndipo wina anali ndi masaya otukumuka ngati nsomba ya m'nyanja yamchere imene imadzifufumitsa ikaopsezedwa, ndiye Blowfish. Popeza Rucker ndiye ankaima patsogolo, anthu anangomupachika dzina la Hootie, ndipo wakhala akulikana kwa zaka zoposa 30 osaphula kanthu, moti alamu anu ali ndi anzawo ambiri pa cholakwa chimenechi.

Anyamatawa anakhala zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu akuimba m'mabala ndi m'maphwando a ophunzira, akugulitsa okha nyimbo zawo, kufikira pamene kampani ya Atlantic Records inawatenga n'kutulutsa chimbale cha "Cracked Rear View" mu July 1994. Chimbale chimenechi ndicho chinagulidwa kwambiri kuposa china chilichonse ku America m'chaka cha 1995, ndipo pofika lero chawerengedwa kuti chadutsa makope 20 miliyoni m'dziko lomwelo lokha. Mu 1996 gululi linalandira mphoto ziwiri za Grammy, ina mwa izo ya oimba atsopano opambana. Chimbale chachiwiri, chimene chinatuluka chaka chomwecho, chinagulidwa mamiliyoni angapo, chiwerengero chimene gulu lina likanachiphera ng'ombe, koma poyerekeza ndi choyamba chija anthu anati gululi lagwa. Olemba nkhani za nyimbo anayamba kuliseka, mawailesi anatembenukira kwa ena, ndipo pamene chimbale cha 2005 chinkatuluka, Hootie & the Blowfish inali itasanduka gulu loimbira anthu okumbukira unyamata wawo.

FUNSO: Ine ndimaimba gitala ya lidi m'bandi ya kutchalitchi kwathu. Ndaonera mavidiyo a Rucker pa YouTube ndipo sindikuona chodabwitsa m'zala zake. Kodi anali katswiri wa gitala kapena ankangoikoleka pakhosi? Nanga munthu akachoka ku rock kupita ku country, chimasintha n'chiyani m'kaimbidwe? (Mnyamata wa ku Ndirande)

YANKHO: Achimwene, maso anu sanakunamizeni, koma chigamulo chanu chakhwima mopitirira. M'gulu lija, gitala ya lidi inali m'manja mwa Mark Bryan, pamene Rucker ankaimba ya rizimu, kawirikawiri ya bokosi, uku akutsogolera ndi mawu. Woimba rizimu sathamangitsa zala kuti anthu aombe m'manja, koma ndiye amagwira nyimbo kuti isamwazike, ndipo inu amene mumaimba Lamlungu lililonse mukudziwa mmene kwaya imasokonekera mnzanu wa rizimu akachedwa ndi theka la kugunda kumodzi. Kwa Rucker gitala inali chida chopekera nyimbo ndi choperekezera mawu ake okhuthala, ndipo ntchito imeneyi ndi imene inamuthandiza atafika ku country, kumene nyimbo imayesedwa poiimba munthu mmodzi ndi gitala imodzi, popanda chobisalako.

Mukafuna katswiri weniweni wa zala amene anayenda ulendo womwewu, funani Glen Campbell, amene anabadwira ku Arkansas mu 1936. Iye anali mmodzi wa oimba aganyu a m'masitudiyo a ku Los Angeles, gulu limene pambuyo pake linadziwika kuti Wrecking Crew, ndipo gitala yake imamveka m'nyimbo zambiri za rock ndi pop za m'zaka za m'ma 1960 zimene pachikuto pake palibe dzina lake. Kumapeto kwa 1964 anayenda ndi gulu la Beach Boys m'malo mwa Brian Wilson, ndipo pofika 1967 anali atayamba kutchuka payekha ngati woimba country. Campbell ankamuposa kutali Rucker pa gitala, koma nyimbo zake zotchuka zinapekedwa ndi anthu ena.

Chimene chimasintha choyamba ndi zida zozungulira woimbayo. Mu country mumalowa vayolini, banjo, mandolini ndi gitala yogoneka ya pedal steel, imene woimba amaiimba atakhala pansi, akutsetsereza kachitsulo pamwamba pa nsambo uku mapazi ndi mawondo akukankha timipini tosintha mawu, ndipo kulira kokoka kumene kumakukumbutsani nyimbo za Don Williams kumachokera pamenepo. Gitala yamagetsi imakhalapo, kawirikawiri ya mtundu wa Telecaster, koma imalira mowala ndi modukiza m'malo mobangula. Chachiwiri ndi malo a mawu. Mu rock, womvera akhoza kuvina nyimbo yonse osamva chimene chikunenedwa, pamene mu country nkhani ndiyo katundu, ndipo zida zonse zimatsika kuti liwu lililonse limveke.

Pali kanthu kena ka ku Nashville, mzinda wa ku America umene ndi likulu la nyimbo za country, kamene kangakuthandizeni inuyo kutchalitchi. Oimba a m'masitudiyo a kumeneko salemba makodi ndi zilembo ayi, amalemba ndi manambala. Nyimbo ikakhala mu kiyi ya G, kodi ya G imalembedwa 1, ya C imalembedwa 4, ya D imalembedwa 5. Woimba akadandaula kuti nyimboyo yamutsikira, onse amangokwera kupita mu A, pepala n'kukhala lomwelo, chifukwa tsopano 1 ndi A, 4 ndi D, 5 ndi E. Ndi njira imeneyi anthu amene sanaimvepo nyimbo amatha kuimvetsera kamodzi, kulemba manambala ake pakapepala, n'kuijambula m'mawa womwewo. Munthu wochokera m'gulu la rock, amene anazolowera kuphika nyimbo imodzi kwa milungu ndi anzake omwewo a kusukulu, amayenera kuzolowera liwiro limeneli.

FUNSO: Tisanamizane, akonzi. Munthu ameneyu anathawira ku country chifukwa rock inasiya kumudyetsa. Si njala imeneyi? (Bambo wa ku Kasungu)

YANKHO: Bambo, funso lanu ndi lomwe anthu a ku Nashville ankafunsa mu 2008, ndipo silopanda maziko. N'zoona kuti gululo linali litazilala, ndipo n'zoonanso kuti country sinali khomo loyamba limene Rucker anagogoda, popeza mu 2002 anatulutsa chimbale cha R&B chotchedwa "Back to Then" chimene sichinapite patali. Koma njala yokha siyingafotokoze nkhaniyi, chifukwa munthu amene ali ndi gawo lake m'chimbale chogulidwa makope 20 miliyoni akanatha kukhala phee, kumaimba nyimbo zakale zomwezo chilimwe chilichonse, n'kumakasewera gofu, amene amamukonda kwambiri.

Iye mwini wakhala akunena kuti ankamvera country kuyambira ali mwana, ndipo kuti chimene chinamutembenuza mtima ndi chimbale cha Radney Foster cha 1992 chotchedwa "Del Rio, TX 1959", chimene dzina lake ndi mudzi ndi chaka chimene Foster anabadwira. Mawu otere woimba aliyense akhoza kuwalankhula pofuna kukometsa mbiri yake, koma Rucker anawatsimikiza ndi ntchito pamene anatcha chimbale chake chachiwiri cha country, cha 2010, kuti "Charleston, SC 1966", potsata ndondomeko yomweyo. Ndiponso mukamvetsera bwino nyimbo za gulu lake lakale, makamaka "Let Her Cry", mupeza kuti ndi nkhani ya munthu wosweka mtima yoimbidwa pa makodi ochepa, moti kungoikamo pedal steel ndiye kuti yasanduka country. Ine ndimaona kuti nyimbo zake sizinayende mtunda wautali monga mmene anthu amaganizira. Chimene chinasintha kwambiri ndi msika, ndipo msika wa country uli ndi alonda ake pachipata.

Alondawo ndi akuluakulu osankha nyimbo m'mawailesi a country, amene ku America alipo ambirimbiri, mzinda uliwonse ndi yake. Anthu amenewa amawakayikira kwambiri oimba a rock ndi pop amene amabwera ku Nashville ulemerero wawo ukatha, chifukwa awaona ambiri akubwera ndi chimbale chimodzi n'kubwerera kwawo. Ngakhale Steven Tyler wa gulu la Aerosmith, dzina lalikulu kuposa la Rucker pa rock, anatulutsa chimbale cha country mu 2016 koma sanakhazikikeko. Mike Dungan, amene ankatsogolera kampani ya Capitol Records Nashville, atamulemba Rucker ntchito, panalibe chitsimikizo choti zimuyendera mosiyana ndi enawo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Woimba watsopano wa country amayenera kuyenda ulendo wa mawailesi, kutanthauza kukwera galimoto ndi gitala yake, kuima pa wailesi iliyonse, kulowa m'chipinda cha misonkhano mmene mwakhala anthu asanu kapena khumi akudya chakudya chamasana, kuwaimbira nyimbo ziwiri kapena zitatu, kugwirana nawo chanza, n'kupitirira ku mzinda wotsatira. Imeneyi ndi ntchito ya mwana wa zaka 22 amene sanamvekepo. Rucker anaigwira ali ndi zaka 42, ali ndi mphoto ziwiri za Grammy kunyumba, atazolowera kuimbira mabwalo odzaza. Sanalowe ngati mfumu yodzayendera anthu ake, koma anaodira pakhomo lililonse ndi kudikira kuti amuyankhe, ndipo m'makonsati anavomera kukhala woimba wotsegulira anthu amene anali aang'ono kwa iye pa msinkhu. Iye wanenapo kangapo kuti ena mwa akuluakulu a mawailesiwo anamuuza pamaso kuti omvera awo sangalandire woimba country wakuda.

Nyimbo yake yoyamba ya country, "Don't Think I Don't Think About It", imene anapeka ndi Clay Mills, inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard wa nyimbo za country chaka chomwecho cha 2008. Ziwiri zotsatira za m'chimbale chomwecho cha "Learn to Live", chimene anachijambula ndi Frank Rogers, zinafikanso pa nambala 1. Mu 2009 bungwe la Country Music Association linamupatsa mphoto ya woimba watsopano wa chaka, ali ndi zaka 43, patapita zaka 13 chilandirireni mphoto ya dzina ngati lomwelo ku Grammy. Sindidziwa woimba wina amene anavomera kutchedwa watsopano kawiri m'moyo wake n'kupita kukalandira mphotoyo akumwetulira.

FUNSO: Malemu bambo anga ankakonda Jim Reeves ndi Don Williams, ndipo ine ndinakula ndikudziwa kuti country ndi nyimbo za azungu zimene ife timangozikonda. Kodi munthu wakuda ngati Rucker akufunanji kumeneko? Sakudzikakamiza pa mwambo wa eni? (Mayi wa ku Area 25, Lilongwe)

YANKHO: Mayi, malemu bambo anu sanali okha. Mawu a Jim Reeves, Don Williams, Dolly Parton ndi Kenny Rogers akhala akumveka m'nyumba, m'mabasi ndi m'magolosale a kuno kwa zaka zambiri, ndipo Don Williams atakaimba ku Harare mu 1997 anapeza anthu akuimba naye nyimbo zake liwu ndi liwu. Koma zoti country ndi ya azungu okha ndi nkhani imene inapangidwa ndi amalonda, ndipo mbiri ya nyimbozi imaitsutsa.

Tiyambe ndi banjo, imene anyamata a kuno amapanga ndi chitini cha mafuta, thabwa ndi mawaya. Chida chimenechi makolo ake ndi zoimbira za chipanda za kumadzulo kwa Africa, monga akonting ya anthu a mtundu wa Jola a ku Senegal ndi Gambia, ndipo anachipanga ku America ndi ku zilumba za Caribbean ndi anthu amene anatengedwa ukapolo. Doko la Charleston, kwawo kwa Rucker, ndi limodzi mwa madoko amene akapolo ambiri ankatsikira. Kum'mwera kwa America, amphawi akuda ndi amphawi achizungu ankamverana nyimbo ndi kuphunzitsana. Hank Williams, amene ambiri amamutenga ngati tsinde la country, anaphunzira gitala ali mwana kwa woimba wakuda wa mumsewu, Rufus Payne. Banja la Carter, limene linajambula nyimbo zoyambirira za chambachi, linkayenda ndi woimba gitala wakuda, Lesley Riddle, posonkhanitsa nyimbo m'midzi ya kumapiri. Ndipo Louis Armstrong analiza lipenga lake m'nyimbo ina ya Jimmie Rodgers mu 1930.

Mpanda unamangidwa m'zaka za m'ma 1920, pamene makampani ojambula nyimbo anagawa malonda awo pawiri, mbale za anthu akuda kuzipatsa dzina lawolawo ndi kuzigulitsa kwa akuda, ndipo za azungu akumidzi kuzitcha hillbilly, dzina limene pambuyo pake linasanduka country. Mpandawo unalimba moti pamene kampani ya RCA inkatumiza kumawailesi nyimbo zoyamba za Charley Pride mu 1966, sinaikepo chithunzi chake, kuti anthu ayambe akonda mawuwo asanadziwe khungu la mwini wake. Pride, mwana wa alimi a thonje a ku Mississippi, anadzakhala ndi nyimbo pafupifupi 30 zofika pa nambala 1, ndipo mu 1971 anasankhidwa kukhala woimba wamkulu wa chaka. Nyimbo yake yomaliza kufika pamwamba inali ya mu 1983, ndipo kuchoka pamenepo panadutsa zaka 25 popanda munthu wakuda woimba payekha kufikanso pamalopo, kufikira Rucker mu 2008. Zaka 25 zimenezo sizikusonyeza kuti kunalibe akuda odziwa kuimba country, zikusonyeza kulimba kwa mpanda.

Musaganizenso kuti Rucker ndi munthu wosazindikira za tsankho, amene anangotseka maso kuti adye nawo. M'chimbale chija cha 1994 muli nyimbo yotchedwa "Drowning" imene imadzudzula mbendera ya Confederate, chizindikiro cha zigawo zimene zinamenya nkhondo poteteza ukapolo, imene panthawiyo inkaulutsidwa pamwamba pa nyumba ya malamulo ya South Carolina. Mbenderayo inachotsedwa padenga mu 2000, koma inakhalabe pabwalo la nyumbayo mpaka July 2015, patangopita milungu yochepa mnyamata wachizungu atapha anthu akuda 9 m'tchalitchi cha Emanuel ku Charleston komweko.

Mu October 2012 Rucker analandiridwa kukhala membala wa Grand Ole Opry, pulogalamu ya pawailesi ndi bwalo la nyimbo la ku Nashville limene linayamba mu 1925, ndipo kwa oimba country kulowa mmenemo kuli ngati kulongedwa ufumu. Akuda amene anamutsogolera anali awiri okha, DeFord Bailey woimba kalimba wapakamwa wa harmonica, amene anali m'gulu la oimba oyambirira a pulogalamuyo mpaka pamene anachotsedwa mu 1941, ndi Charley Pride amene analowa mu 1993. Pambuyo pa Rucker m'nyimbo za country mwatchuka akuda ena monga Kane Brown ndi Mickey Guyton, ndipo mu 2024 Beyoncé anakhala mayi wakuda woyamba kufika pa nambala 1 pa mndandanda uja wa Billboard wa nyimbo za country. Sindikunena kuti mpanda wagweratu, pakuti akuda amene nyimbo zawo zimaulutsidwa kawirikawiri m'mawailesi a country mukhoza kuwawerenga ndi zala. Koma funso loti akufunanji kwa eni, mayi, ndi loyenera kulitembenuza, chifukwa agogo ake anali nawo pomanga nyumbayo.

FUNSO: Mukumutcha wopeka nyimbo, koma ndinamva kuti "Wagon Wheel", nyimbo yake yotchuka kuposa zonse, si yake. Ndiye wopeka wake ndani, ndipo ndalama zake amadya ndani? (Mphunzitsi wa ku Mzimba)

YANKHO: Aphunzitsi, munamva zoona, ndipo mbiri ya nyimbo imeneyi ndi yokoma kuifotokozera ana m'kalasi. Kolasi yake ndi maimbidwe ake zinachokera kwa Bob Dylan, amene anaiyamba mu 1973 pojambula nyimbo za filimu ina, n'kuisiya yosamaliza. Kachidutswako kanayenda mobisa pakati pa okonda Dylan mpaka kanafika kwa mnyamata wina, Ketch Secor, amene anapekerapo ndime zake zofotokoza ulendo wa munthu wopempha matola kuchoka kumpoto kupita kum'mwera kukaona wokondedwa wake. Gulu la Secor, Old Crow Medicine Show, linaitulutsa mu 2004, ndipo mwalamulo eni nyimboyo ndi awiri, Dylan ndi Secor, anthu amene anapeka nyimbo imodzi motalikirana zaka zoposa 20 osakhalapo m'chipinda chimodzi.

Rucker amafotokoza kuti nyimboyi ankaidziwa kale koma sankaiganizira, kufikira tsiku limene anapita ku chionetsero cha maluso kusukulu ya mwana wake wamkazi, kumene bandi ya aphunzitsi ndi ogwira ntchito pasukulupo inaiimba ndi ng'oma ndi zida za country. Anaijambula m'chimbale cha "True Believers" cha 2013, inafika pa nambala 1, inamupatsa Grammy mu 2014, ndipo mu 2022 inalandira chiphaso cha diamond, chimene chimaperekedwa nyimbo ikakwanitsa makope 10 miliyoni, powerengera ogula ndi omvera pa intaneti.

Za ndalama, nyimbo iliyonse ili ndi umwini wa mitundu iwiri. Pali umwini wa mawu ndi maimbidwe, umene ndi wa opeka, ndipo pali umwini wa chojambulidwacho, umene kawirikawiri ndi wa kampani ndipo woimba amalandirako gawo. Ku America, mawailesi wamba a AM ndi FM amalipira opeka okha kudzera m'mabungwe monga ASCAP ndi BMI, amene ntchito yawo ikufanana ndi ya COSOMA kuno kwathu, koma woimba amene mawu ake akumveka salandira kanthu kuchokera ku wailesi yoteroyo. Choncho "Wagon Wheel" ikalira pa wailesi ya ku Texas, ndalama imapita kwa Dylan ndi Secor ndi makampani osunga nyimbo zawo, pamene Rucker amapindula ndi malonda a chojambulidwacho, omvera pa intaneti ndi anthu odzaza m'makonsati. Choseketsa n'chakuti aka sikanali koyamba kuti Dylan adye thukuta la Rucker. M'nyimbo ina yotchuka ya Hootie & the Blowfish munalowa mizere ya Dylan, ndipo nkhaniyo inathera kunja kwa khoti gululo litalipira.

Dzina la wopeka likumuyenerabe, chifukwa nyimbo zambiri za m'zimbale zake za country ali ndi dzanja lake, ngakhale kuti kawirikawiri sapeka yekha. Ku Nashville kupeka nyimbo ndi ntchito ya muofesi. M'dera la Music Row, mmene nyumba zakale zogonamo zinasandutsidwa maofesi, anthu awiri kapena atatu amapangana tsiku ndi ola, amakumana m'mawa ndi magitala ndi khofi, wina amabwera ndi mutu wa nyimbo, wina ndi nkhani ya kunyumba kwake, ndipo pofika madzulo nyimbo yatha. Mwambo wake ndi woti onse amene anali m'chipindamo agawane mofanana, ngakhale wina ataponyapo mzere umodzi wokha. Njira imeneyi imabala nyimbo zosalala bwino, koma ndivomereze kuti nthawi zina imabalanso nyimbo zofanana ngati mabanzi a mu uvuni umodzi, ndipo zina za Rucker zotamanda khonde, mowa wozizira ndi Loweruka madzulo zili m'gulu limenelo.

FUNSO: Kodi gulu lake lakale linatha? Ndipo ine wokonda country yofatsa yachikale ndiyambire chimbale chiti? (Agogo a ku Mulanje)

YANKHO: Agogo, gululo silinathe, linangopuma mu 2008, ndipo ngakhale pa nthawi yopumayo linkakumana chaka ndi chaka kuimba m'makonsati othandiza osowa kwawo ku South Carolina. Mu 2019, pokumbukira zaka 25 za chimbale chawo choyamba, anayi onse aja anayendanso ulendo waukulu wa makonsati ndi kutulutsa chimbale chatsopano, ndipo anayendanso mu 2024. Rucker amasenza mitolo yonse iwiri, ndipo m'makonsati ake a country amaimbamonso nyimbo za gulu lakale.

Ndikuchenjezeni kuti country ya ku Nashville ya masiku ano ili ndi ng'oma zolemera ndi magitala aphokoso kuposa imene munazolowera, moti mukayembekezera kufatsa kwa Don Williams, amene anatisiya mu 2017, nyimbo zina zikukwiyitsani. Yambani ndi "Learn to Live" ya 2008, ndipo mufunefune nyimbo yofatsa ya bambo amene akulera mwana wake wamkazi kuchokera usiku wosagona wa ukhanda mpaka tsiku lomuperekeza kusukulu. Mukaikonda imeneyo, pitani ku "Carolyn's Boy" ya 2023, chimbale chimene anachitcha dzina la mayi ake, namwino uja, amene anamwalira mu 1992, kutatsala zaka ziwiri kuti chimbale choyamba cha mwana wawo chituluke.